Mutu 9. Womanga akachedwa: kugula nyumba isanathe ku England

M'mphepete mwa matauni ambiri a ku England, pamalo pamene kale panali minda ya tirigu kapena msipu wa nkhosa, mumaona mbendera zikuuluzika pageti. Mukalowa mumapeza nyumba imodzi kapena ziwiri zomalizidwa bwinobwino. Kapinga ndi wotchetcha, makatani ali m'mawindo, patebulo aikapo mbale ngati alendo ali m'njira. Nyumba zimenezi ndi zoonetsera chabe, eni dziko amati show home. Imene inu mukugula ili kuseri kwa mpanda kumene kukulira mathirakitala, ndipo mwina tsiku limenelo ikadali dzenje la maziko lokhala ndi nambala pachikwangwani.

Kugula kotereku amati off-plan, ndiye kuti kugula nyumba utangoona pulani. Wogulitsa amatambasula mapu, n'kuloza kabokosi kamodzi, n'kunena mokoma kuti nyumbayo itha pakati pa Malichi ndi Meyi. Potuluka pamenepo m'mutu mwanu mwatsala liwu limodzi lokha, Malichi. Mwayamba kale kuwerenga miyezi ya lendi imene yatsala, abale kumudzi mwawauza kale pa WhatsApp. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamalonda awa nyererezo zimabisala m'masiku amene mwalonjezedwawo.

Ife amene tinakulira ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Tete mmisiri wochedwa timamudziwa. Walandira ndalama Lolemba, Lachitatu mukumva kuti ali pantchito ina kudera lina. Komabe kwathu puloti ndi yanu, njerwa munaumbitsa nokha, ndipo mumalipira m'zigawo: maziko, ikafika pawindo, ikafika pabimu, kenako denga. Mmisiri akakutopetsani mumamuchotsa n'kupeza wina. Ku England zinthu n'zotembenuka. Malo ndi a kampani, khoma lililonse ndi la kampani mpaka tsiku lolandira makiyi. Womangayo simungamuchotse, simungamuonjezere anthu, ngakhale kukaona pamene nyumba yafika mumachita kupempha. Abale athu ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Leeds, Manchester kapena Nottingham, akafika poti atuluke mu lendi, amakopeka ndi nyumba zatsopano pa zifukwa zomveka. Palibe mwini wakale woti mumudikire asamuke, nyumbayo siidya ndalama zambiri poitenthetsa nyengo yozizira, ndipo imabwera ndi chitsimikizo cha zaka 10. Koma luso lolimbana ndi mmisiri limene tinaphunzira kwathu kumeneko silithandiza. Mlandu wake umathera pamapepala.

Tsiku lapakamwa ndi tsiku lolembedwa

Ndondomeko yake ku England ndi ku Wales imayenda motere, pakuti ku Scotland malamulo ndi osiyanako. Poyamba mumalipira ndalama yosungitsira nyumbayo, reservation fee, imene imakhala mapaundi mazana angapo, nthawi zina kudutsa 1,000. Kenako kampani imakupatsani masiku ochepa, kawirikawiri 28, oti mupeze loya, banki ikuvomereni ngongole, ndipo musinthane makontrakiti osainidwa. Tsiku losinthanalo mumapereka dipoziti, nthawi zambiri 10 peresenti ya mtengo wa nyumba. Kuyambira pamenepo mwamangika. Mukabwerera m'mbuyo popanda chifukwa chimene kontrakiti ikuvomereza, dipoziti yapita, ndipo kampani ikagulitsa nyumbayo motsika mtengo ikhoza kukutengerani kukhothi kuti mulipire zoperewerazo.

Tsopano tsegulani kontrakitiyo mufunefune Malichi uja. Pogula nyumba yakale, kontrakiti imatchula tsiku lenileni losamukira. Pogula nyumba yosatha mumapeza mawu oti completion on notice. Tanthauzo lake ndi loti nyumba ikadzatha kampani idzatumiza kalata kwa loya wanu, ndipo inu mudzakhala ndi masiku ochepa, kawirikawiri 10 ogwira ntchito, oti mumalize kulipira. Taonani mmene sikelo yapendekera. Womanga wadzipatsa miyezi yotanuka ngati mphira, inu wakupatsani milungu iwiri yosasunthika. Inu mukachedwa tsiku limodzi, chiwongoladzanja chayamba kuwerengedwa. Iye akachedwa miyezi itatu, makontrakiti ambiri sanena zoti akupatseni kanthu. Ine ndimaona kuti kupanda chilungamo kwa malonda awa kwagona apa, ndipo wogula aliyense ayenera kukuona ndi maso ake asanagwire cholembera.

M'kontrakiti yolembedwa bwino mumakhala masiku awiri. Loyamba ndi tsiku loyembekezera, anticipated completion date, lomwe ndi kuyerekeza chabe. Lachiwiri ndi tsiku lamalire, long stop date. Ili ndiye lokhalo limene lili ndi mano: likadutsa nyumba isanathe, muli ndi ufulu wothetsa mgwirizano n'kulandira dipoziti yanu yonse. Malamulo a kachitidwe ka makampani omanga otchedwa Consumer Code for Home Builders, amene anayamba kugwira ntchito mu 2010, anaika muyezo wake. Ngati mwasainirana denga lisanafoleredwe, malirewo asapitirire miyezi 6 kuchokera pa tsiku loyembekezera ngati ili nyumba wamba, kapena miyezi 12 ngati ili fulati m'nyumba yosanja. Ngati mwasainirana nyumba itafoleredwa kale, malire ndi miyezi 2 pa nyumba wamba, miyezi 4 pa fulati. Khalani kaye pansi ndi manambala amenewa. Miyezi 12 ndi chaka chathunthu cha lendi, ndipo m'chaka chonsecho womanga sanaphwanye lamulo lililonse.

Choncho funso loyamba kwa loya wanu likhale lakuti: "Tsiku lamalire ndi liti, ndipo lalembedwa patsamba liti?" Lachiwiri likhale lakuti: "Likadutsa, amene angathetse mgwirizano ndi ine ndekha, kapena kampaninso?" Funso lachiwirili lili ndi mbiri yake. Ku Australia, mitengo ya nyumba itakwera, makampani ena ankalola dala tsiku lamalire kudutsa, n'kubweza madipoziti, n'kugulitsa nyumba zomwezo kwa anthu ena pamtengo wokwera. Boma la chigawo cha New South Wales linachita kusintha lamulo mu 2015 kuti womanga asathetse mgwirizano mwanjira imeneyi popanda chilolezo cha wogula kapena cha khothi lalikulu.

Mphamvu zanu zambiri zili m'masiku 28 aja, musanasaine. Pemphani kuti tsiku lamalire lifupikitsidwe. Pemphani kuti alembemo zoti akachedwa kupitirira nthawi yakutiyakuti azikulipirirani gawo la lendi. Ogula akamachita kulimbirana akhoza kukukanani, koma malonda akazilala amamvera, ndipo kupempha sikulipitsa. Wogulitsa adzakuuzani kuti ali ndi maloya awo odziwa kale malowo, othamanga. Mwina amathamangadi. Koma muli ndi ufulu wosankha loya wanu, ndipo loya amene sadalira kampaniyo kuti imubweretsere makasitomala salemera pakamwa pokuuzani kuti ndime yakutiyakuti ikupweteketsani.

Chimachedwetsa nyumba n'chiyani?

Zifukwa zina ndi zoona ndithu. Njerwa siziyalidwa kukazizira mpaka madzi kuundana, chifukwa matope a simenti sagwira. Chipale chimene chinagwa kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018 chinaimitsa ntchito m'malo ambiri. Pa 23 Malichi 2020 boma linalamula anthu kukhala m'nyumba chifukwa cha Covid-19, ndipo makampani akuluakulu anatseka malo awo omangira kwa milungu ingapo. Chaka chotsatira matabwa, simenti ndi zitsulo zinasowa n'kukwera mtengo, ndipo mu Malichi 2021 sitima ya Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6. Amisiri oyala njerwa nawonso ndi operewera m'dzikomo.

Chimene chimazunguza ogula ambiri ndi nyumba yooneka kuti yatha, penti wauma, zitseko zili m'malo, koma makiyi osatuluka. Apa kawirikawiri amakhala akudikira anthu ena. Magetsi, madzi kapena mapaipi a suweji sanalumikizidwe. Woyendera za kamangidwe sanasaine. Pepala la bungwe lopereka chitsimikizo cha zaka 10 silinatuluke, ndipo popanda pepala limenelo banki situlutsa ndalama. Pa nyumba zosanja zitalizitali pali chipata china. Moto wa ku Grenfell Tower ku London, pa 14 Juni 2017, unapha anthu 72, ndipo lamulo la Building Safety Act la 2022 linabwera chifukwa cha ngozi imeneyo. Tsopano nyumba yatsopano yotalika mamita 18 kapena ya nsanjika 7 kupita m'mwamba iyenera kuvomerezedwa ndi ofesi yoona zachitetezo anthu asanalowemo. Kuchedwa kwa mtundu uwu n'kowawa, koma ine sindingalangize munthu kukulimbana nako.

Palinso chifukwa chimene simudzachiona m'kalata yopepesa. Kafukufuku amene boma linatuma Sir Oliver Letwin kuti achite, amene lipoti lake linatuluka mu 2018, anapeza kuti pamalo akuluakulu liwiro lomangira limatsatira liwiro logulitsira. Kampani simanga mofulumira kuposa mmene ingagulitsire popanda kutsitsa mtengo. Malonda akazilala, amisiri amachepetsedwa kapena kutumizidwa kwina, ndipo amene munagula kale mumadikira nawo.

Banki sidikira

Kuchedwa pakokha sikukanapweteka kwambiri zikanakhala kuti zina zonse m'moyo wanu zimaima n'kudikira limodzi nanu. Zoti siziima zimayambira kubanki. Kalata yovomera ngongole, mortgage offer, imakhala ndi tsiku lothera mphamvu. Kawirikawiri ndi miyezi 6, ngakhale mabanki ena amaonjezerako pa nyumba zatsopano. Ikatha nyumba isanathe, banki ikhoza kuitalikitsa pang'ono, kapena kukuuzani kuti mupemphenso. Kupemphanso ndi kulemba mayeso kachiwiri. Adzaonanso malipiro anu, ngongole zina zimene muli nazo, ndalama zotuluka mwezi ndi mwezi kuphatikizapo zimene mumatumiza kumudzi, ndiponso, kwa amene muli pa viza, nthawi imene yatsala pa vizayo. Adzatumanso munthu kukayeza mtengo wa nyumbayo, ndipo akapeza kuti watsika adzakubwerekani zochepa, zotsalazo muone nokha kozitenga.

Chaka cha 2022 chinaonetsa poyera kukula kwa dzenje limeneli. Kumayambiriro kwa Disembala 2021 chiwongoladzanja cha Bank of England chinali pa 0.1 peresenti, pofika Ogasiti 2023 chinali pa 5.25. Pakatipo, pa 23 Seputembala 2022, nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng inalengeza ndondomeko yodula misonkho imene inagwedeza misika. M'masiku owerengeka mabanki anachotsa pamsika mitundu yambirimbiri ya ngongole za nyumba, ndipo mu Okutobala ngongole yokhazikika kwa zaka ziwiri inali itadutsa 6 peresenti.

Tiyerekeze banja limene linavomerezedwa ngongole ya mapaundi 200,000 yobweza m'zaka 25 pa chiwongoladzanja cha 2 peresenti. Pamwezi likanamalipira mapaundi 848. Nyumba yachedwa, kalata ya banki yatha mphamvu, lapemphanso, tsopano ndi 6 peresenti. Pamwezi ndi mapaundi 1,289. Kusiyana kwake ndi mapaundi 441 mwezi uliwonse, oposa 5,000 pachaka, pa nyumba yomweyo, zipinda zomwezo, banjalo osalakwa kalikonse. Ndipo banja limeneli lili ndi mwayi, chifukwa banki yalibwerekabe. Lina banki imalikaniratu, ikati malipiro ake sangakwanitse mtengo watsopanowo. Pamenepo kontrakiti ndi womanga ikadali yamoyo. Kalata ya masiku 10 ikabwera ndalama palibe, wolakwa pamaso pa lamulo ndi wogula, ndipo dipoziti imene anaisunga kwa zaka, akugwira mashifiti ausiku, ili pachiswe. Zimandipweteka mtima kuti amene wachedwa ndi wina, wonyamula chilango ndi wina.

Mankhwala ake enieni ndi kuyesetsa, musanasaine, kuti tsiku lamalire lisapitirire tsiku limene kalata ya banki ithere mphamvu. Masiku awiriwa akayandikana, dzenje lija limatsekeka: banki ikakusiyani, nanunso muli ndi khomo lotulukira. Ngati kampani yakana, dziwani kutalika kwa mpata umene watsala pakati pa masiku awiriwa, ndipo mudzifunse ngati mungaupirire. Mutasaina kale, lembani tsiku la banki pamalo oonekera m'nyumba. Kukatsala miyezi iwiri pitani kwa amene anakupezerani ngongoleyo, musadikire sabata yomaliza. M'nyengo yonse yodikira musatenge galimoto yangongole, musagule mipando ya nyumba yatsopanoyo pa kirediti kadi, ndipo musasinthe ntchito musanafunse mmene banki idzazionere.

Boma nalonso lili ndi masiku ake osadikira munthu. Ngongole yothandiza ogula ya Help to Buy inatsekedwa ku England mu 2023, ndipo panali ogula amene nyumba zawo zinali zisanathe pamene malire ankayandikira. Pa 1 Epulo 2025 malire a msonkho wa stamp duty kwa ogula nyumba koyamba anatsika kuchoka pa mapaundi 425,000 kufika pa 300,000. Wogula nyumba ya mapaundi 400,000 amene analandira makiyi pa 31 Malichi sanalipire msonkhowu. Mnzake amene womanga anamuchedwetsa ndi sabata imodzi analipira mapaundi 5,000. Pamenepa ndionjezere mawu amodzi kwa abale amene muli ndi nyumba kumudzi. Kuti muwerengedwe ngati wogula koyamba, lamulo limafuna kuti musakhale munakhalapo ndi nyumba kulikonse padziko lapansi. Ya ku Area 25 kapena ku Chipata muitchule kwa loya wanu pachiyambi pomwe.

Ndiye pali eni nyumba imene mukuchita lendi. Cholakwa chofala ndi kuwauza kuti mukutuluka potengera mawu a wogulitsa. Mwezi ukakwana iwo apeza kale wina wolowa, inu katundu ali kosungitsa kolipira, ana akugona pabalaza kwa mnzanu wa kutchalitchi. Musapereke notisi mpaka kalata yeniyeni ya womanga itafika kwa loya wanu. N'zoona kuti mudzalipira lendi ndi ngongole nthawi imodzi kwa milungu ingapo, pakuti notisi ya lendi ndi yaitali kuposa masiku 10. Ndalama imeneyo muiike padera kuyambira lero, muiwerengere pamtengo wa nyumba. Za sukulu nazonso musaziiwale: ku England malo a pulayimale amapemphedwa pofika 15 Januwale, a sekondale pofika 31 Okutobala, ndipo adilesi ya mwana imawerengedwa. Funsani khonsolo ya kumene mukupitako umboni umene imalandira kwa banja limene lagula nyumba koma silinalowemo.

Uthenga woti achedwa ukafika

Nthawi zambiri uthengawu umabwera pafoni, ndi mawu ofewa. Thokozani, dulani foni, kenako lembani imelo: "Monga mwandiuzira lero pafoni, nyumba yanga tsopano ikuyembekezeka kutha mwezi wakutiwakuti. Chonde tsimikizani, ndipo mundiuze chifukwa chake." Chitani chimodzimodzi mukatha kukambirana kulikonse, ndipo kope lizipita kwa loya wanu. Izi si zamwano. Miyezi isanu ikadzadutsa, wogulitsa amene munkalankhula naye mwina adzakhala atasamutsidwa, ndipo chodzakuyankhulirani ndi maimelo amenewo.

Funso loti "itha liti?" limabala yankho lopanda mutu. Funsani za ntchito yeniyeniyo. Denga lafoleredwa? Mawaya ndi mapaipi am'khoma alowa? Pulasitala wapakidwa? Khitchini yaikidwa? Madzi ndi magetsi alumikizidwa? Woyendera adzabwera liti? Pemphani kukumana ndi kapitawo wa pamalopo, site manager, chifukwa iye ndiye ali ndi ndandanda yeniyeni ya ntchito, pamene wa muofesi yogulitsira amangonena zimene wauzidwa. Nyumba imene sinapakidwe pulasitala singathe m'milungu iwiri, kaya alonjeze motani. Mukadziwa pamene yafika mumatha kudziwerengera nokha, n'kukonza za banki ndi za lendi potengera zimene mwaona.

Sungani malisiti onse: lendi yoonjezera, kosungitsa katundu, galimoto yosamutsira imene munaibweza, ndalama zopemphera ngongole kachiwiri. Kenako pemphani chipukutamisozi molemba, mutchule nambala yeniyeni. Makampani amakonda kupepesa ndi zinthu, makapeti, kapinga wa kuseri, firiji, chifukwa iwo amazigula motchipa. Ngati munkazifuna kale, landirani. Koma ngati bala lanu ndi lendi, nenani kuti mukufuna thandizo la lendi. Chilichonse chimene mwagwirizana chidutse kwa loya, chifukwa banki imayenera kudziwitsidwa za mphatso zotere, ndiponso kuti musasaine pepala lokutsekani pakamwa pa madandaulo ena a mtsogolo.

Akakunyalanyazani, pali kopita. A kwathu ofesi ya Ombudsman timaidziwa. Ku Britain kuli ina ya nyumba zatsopano zokha, New Homes Ombudsman Service, imene inayamba ntchito mu Okutobala 2022. Imamva madandaulo okhudza makampani amene analembetsa pansi pa New Homes Quality Code. Mumayamba mwadandaula kukampani komweko motsata ndondomeko yake, ndipo pakatha masiku 56 nkhani isanathe mukhoza kuitengera kwa Ombudsman kwaulere. Makampani amene sali m'menemo amakhala pansi pa malamulo ena, monga Consumer Code ija, imene ili ndi njira yakeyake yoweruzira. Pepala limene munasaina posungitsa nyumba limatchula malamulo amene kampani yanu imatsata. Ndikuuzeni zoona: ngati tsiku lamalire silinadutse, kuchedwa kokha sikubweretsa ndalama zambiri. Mlandu wanu umalimba mukaonetsa kuti anakupatsani tsiku limene ankadziwa kuti n'losatheka, kapena anakubisirani za kuchedwako mpaka inu mutaluza ndalama. Apa m'pamene maimelo aja amagwira ntchito.

Tsiku lamalire likadutsa, ufulu wotuluka ulipo, koma musatuluke ndi mkwiyo wokha. Tengani pepala muwerengere. Ngati mitengo ya nyumba yakwera chisainireni, dipoziti yobwezedwayo sidzakugulirani nyumba yofanana nayo, ndipo kampani idzasangalala kugulitsa yanuyo modula. Ngati mitengo yatsika, kapena banki yakusiyani, kapena pamalopo pangoti zii milungu yambiri, tulukani msanga kudzera mwa loya, motsata ndendende zimene kontrakiti ikunena.

Kampani ikagwa

Nthawi zina zii ameneyu amatanthauza kuti ndalama zatha. Mu Januwale 2024 kampani yakale ya ku Scotland, Stewart Milne Group, inagwa ntchito ili m'kati m'malo angapo. Chitetezo chachikulu cha wogula pa nthawi yotere ndi chitsimikizo cha zaka 10 chija. Cha bungwe la NHBC, chotchedwa Buildmark, chimateteza dipoziti mpaka 10 peresenti ya mtengo wa nyumba kapena mapaundi 100,000, potengera chochepa mwa ziwirizi. Alipo mabungwe ena opereka zitsimikizo, ndipo malire awo amasiyana, choncho werengani chanu. Musapereke dipoziti yoposa imene yatetezedwa. Funsaninso kumene ndalamayo ikukhala: ngati loya wa kampani akuisunga monga stakeholder, siikhudzidwa mpaka nyumba itatha, ngati akuilandira monga agent, imapita kukampani n'kuyamba kugwira ntchito.

Maiko ena anaona zoopsa kuposa izi. Ku China ogula ankalipira mtengo wonse nyumba isanathe, n'kuyamba kubweza ngongole nthawi yomweyo. Pakati pa 2022 ogula a mumzinda wa Jingdezhen, amene nyumba zawo za kampani ya Evergrande zinali zitaima, analengeza kuti asiya kubweza ngongole, ndipo mchitidwewu unafalikira m'mizinda yambiri. Mu Januwale 2024 khothi la ku Hong Kong linalamula kuti Evergrande ithetsedwe. India inasankha njira ina. Lamulo lake la 2016, lodziwika kuti RERA, limakakamiza womanga kusunga 70 peresenti ya ndalama za ogula mu akaunti yapadera ya ntchito yomweyo, ndipo akachedwa, wogula amasankha kubwezeredwa ndalama zake ndi chiwongoladzanja, kapena kudikira uku akulandira chiwongoladzanja mwezi uliwonse. Mfundo imeneyi ndi yolungama, ndipo England ikanachita bwino kuitengera: wochedwa ndiye alipire. Kwa abale a ku Joni, onetsetsani kuti womanga ndi nyumbayo zalembetsedwa ku bungwe la NHBRC, ndipo ngati ngongole yanu ndi yomangira, imene banki imatulutsa m'zigawo, dziwani kuti chiwongoladzanja cha ndalama zotulutsidwa kale chimakwera mwezi uliwonse umene womanga wachedwa.

Nyumba yochedwa imathamangitsidwa

Pamapeto pake kalata ya masiku 10 ija imafika, ndipo mtima umangofuna makiyi basi. Apa m'pamene ndikupemphani kuti musatope. Nyumba imene yachedwa miyezi kawirikawiri imamalizidwa mothamanga, makamaka chakumapeto kwa Juni ndi Disembala pamene makampani ambiri akuluakulu amatseka mabuku awo n'kumafuna nyumba zambiri ziwerengedwe kuti zagulitsidwa. Wopenta amalowa pulasitala asanaumitsitse, wa matailosi ndi wa mapaipi amapondana m'bafa imodzi. Zotsatira zake ndi zitseko zosatsekeka, mawindo okandika, mipope yodontha pansi pa sinki, ndi denga losaikidwa bwino zotchinga kuzizira, zimene simungazione mutaima pabalaza.

Zolakwika zing'onozing'ono zotere eni ake amati snags. Sizikupatsani ufulu wokana kulipira kalata ikabwera, ndipo womanga ali ndi udindo wozikonza m'zaka ziwiri zoyambirira. Koma amisiri amabwera msanga ndalama zanu zisanalowe kuposa zitalowa kale. Malamulo a New Homes Quality Code amakulolani kutuma katswiri wanu kukayendera nyumbayo musanamalize kulipira. Amalipiritsa mapaundi mazana angapo, ndipo amakwera kudenga ndi tochi kumene inu simukanaganiza zokwera. Mndandanda wake muutumize kukampani ndi kwa loya wanu, ndi zithunzi, tsiku lomwelo.

Akatswiri amenewa amatanganidwa kwambiri m'miyezi yomweyo ya Juni ndi Disembala, ndipo masiku 10 sachedwa kutha. Ngati mukudikira nyumba panopa, mupezeretu mmodzi sabata ino, mumuuze mwezi umene mukuyembekezera, ndipo nambala yake muilembe pambali pa tsiku la banki lija.